Chidindo Chozondoka cha a Ushiyama

"Nanga magalasi azipera ndani?"

Anafunsa ndi a Ushiyama, mkulu wa chipinda chopera magalasi, ali chiimire kumbuyo kwenikweni kwa holo, chipewa chili m'manja. Sanakweze mawu. Koma pa msonkhano wa m'mawa wa kampani ya makamera ya Kazahaya sipafunsidwa mafunso, choncho funsolo linamveka ngati mbale yagwa pamaliro.

Eni kampani, a Kazahaya, mdzukulu wa amene anamanga fakitaleyo, anaweramira pepala lawo ngati yankho lagwera pakati pa mizere. A Segawa, mlendo wa suti yosalala amene anachokera ku Tokyo kudzaimira anthu a ndalama, anamwetulira n'kudina kabatani. Pakhoma panabwera chithunzi china: manja awiri ogwirana chanza, pansi pake mawu akuti Tsogolo Limodzi.

Kodaira Mizuho anali mumzere wachitatu, pakati pa anzake a mu ofesi ya mapulani. Anayamba kuwerenga chamumtima. Anafika pa makumi awiri ndi zitatu munthu wina asanatsokomole, ndipo msonkhano unapitirira ngati palibe chachitika.

Nkhani yake inali yotere. Anthu a ndalama a ku Tokyo anali atagula magawo anayi mwa magawo khumi a kampani. Anabwera ndi mnzawo, kampani yaikulu ya mafoni ya kutsidya kwa nyanja. Kamera yatsopano idzakhala ndi ubongo wa a mafoniwo, idzalumikizidwa m'fakitale ya a mafoniwo, koma pamphumi pake padzalembedwa Kazahaya. Ogwira ntchito sanachedwe kuwapatsa dzina alendowo: akamwini. Mkamwini wake wodabwitsa, ena ankatero, wofika pakhomo n'kuyamba kuyeza nyumba ya apongozi ndi chingwe.

Chimene chinkamuwawa Mizuho n'chakuti a Segawa sananame. Anthu analekadi kugula makamera. Mayi ake omubereka ankajambula adzukulu ndi foni, kamera ya Kazahaya imene iye anawagulira chaka chake choyamba pantchito ili m'kabati limodzi ndi mbale za alendo. Pamene ankayamba, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pochita masewera olimbitsa thupi a m'mawa anthu ankagundana zigongono. Tsopano unkatambasula mikono mpaka kumene ukufuna, osakhudza munthu.

Masana a tsiku lomwelo abwana ake, a Miyasaka, anamukodola.

"A Kodaira, pali pepala lozungulira loti mulembe. Lotseka chipinda chopera, kumapeto kwa Malichi."

Pa Kazahaya palibe chachikulu chinkachitika popanda pepala lozungulira. Wamng'ono ndiye amalemba ganizo n'kudinda chidindo cha dzina lake m'kabokosi koyamba. Pepalalo limakwera tebulo ndi tebulo, aliyense akudinda ndi inki yofiira, mpaka kwa eni kampani. Motero ganizo lililonse limaoneka ngati linamera pansi, ndipo zikavuta palibe wolozedwa chala, kupatula uja wa m'kabokosi koyamba.

"Waganiza zimenezo ndani, bwana?"

"Inu."

"Ine? Ndaganiza liti?"

"Lero masana." A Miyasaka anamukankhira mapepala opanidwa pamodzi. "Mawu ake ndi awa, a Segawa atithandiza kale. Inu mungowaveka kalembedwe kathu, azimveka ngati a pakhomo pano."

Mizuho anayang'ana mapepalawo osawagwira. A Miyasaka anavula magalasi awo a m'maso n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, nkhope ili kuwindo.

"Ofesi ya mgwirizano ku Tokyo ikufuna munthu wathu mmodzi. Wachinyamata, wa digiri, womva chinenero cha anzathuwo. Sindikunena kanthu ayi. Ndikungoyang'ana mapiri."

Analemba. Zinamutengera maola awiri, ndipo theka la nthawiyo linathera pofufuta mawu akuti "kutseka" n'kuikapo "kupumitsa", monga mmene a Miyasaka anafunira. Atadinda m'kabokosi koyamba, abwanawo anapukusa mutu.

"Chidindo chanu chaima njo ngati msilikali. Chipendeketseni pang'ono kumanzere, chiweramire akuluakulu. Kusukulu sanakuphunzitseni?"

Anasindikizanso tsamba loyamba, n'kudinda mowerama.

Timabokosi tinalipo khumi ndi kamodzi, ndipo mwambo unali woti wolemba ndiye anyamule pepala lake. Mkulu wa zamalonda anakoka mpweya m'mano, nati, "N'zovuta," n'kudinda. Mkulu wogula zipangizo anakanda m'khosi, nati, "N'zovuta zedi," n'kudinda. Wa m'chipinda cholumikizira makamera anafunsa ngati pepala lotsatira lidzakhala lake, koma anafunsa chidindo chili kale papepala. M'masiku awiri Mizuho anamva mawu akuti n'zovuta kasanu ndi kamodzi, ndipo palibe ngakhale mmodzi anatsegula tsamba lachiwiri.

Kabokosi kachisanu ndi chitatu kanali ka a Ushiyama.

Chipinda chopera chinali kumunsi, ukatsika masitepe achitsulo. Fungo lake linali lomwe lija: phula lotentha ndi madzi a ufa wofiirira umene amasalazira galasi. Makina ankapukusa mitu yawo pang'onopang'ono ngati nkhalamba zokana nkhani. Anafika nthawi ya tiyi wa masana. Anthu asanu ndi anayi amene anatsala m'chipindamo anali atazungulira bokosi lamatabwa, pamwamba pake pali maapozi osenda ndi mbale ya masamba oviikidwa mumchere.

"Eee, taonani, nthumwi ya akamwini!" anatero mayi Yajima, amene ankayesa magalasi akapera, mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, lilime lakuthwa ngati galasi losweka. "Khalani pansi, a madigiri. Kapena kumtunda anakuletsani tiyi wathu? Amati amadetsa mano?"

"Zikomo mayi, ndangobwera ndi pepala."

"Taliona. Walinyamula ngati mwana wodwala. Idya apozi, Mizuho, waonda ngati mwendo wa kamera."

Aliyense wolembedwa ntchito pa Kazahaya, kaya ali ndi digiri kaya alibe, ankayamba ndi miyezi itatu m'chipinda chimenechi. Tsiku loyamba a Ushiyama anagwira dzanja la Mizuho, nati, "Manja anu ngotentha, galasi lifufuma," n'kumuuza aviike m'madzi ozizira. Kenaka anamuonetsa chinthu chimene sanachiiwale. Ukaika galasi loyesera pamwamba pa limene wapera, pakati pake pamatuluka mizere yozungulira ya mitundu ya utawaleza. Mizere ikachuluka, walakwitsa. Ikamachepa, ukuyandikira. Galasi la a Ushiyama linkangoonetsa mtundu umodzi, wofalikira ngati mafuta pamadzi. Tsiku lomaliza la miyezi itatu ija, galasi la Mizuho linaonetsa mizere itatu. A Ushiyama analiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Sizoipa." Mayi Yajima analumbira kuti mawu amenewo anawamva komaliza chaka chimene iwo ankakwatiwa. "Zaka zitatu mukanayamba kukhala munthu," anawonjezera a Ushiyama. "Koma inu ndi a kumtunda."

Tsopano nkhalambayo inasamba m'manja, n'kupukuta chala chimodzichimodzi, n'kulandira pepala ndi manja awiri. Inawerenga. Masamba onse khumi ndi anayi, ndi timawu ta m'munsi tomwe. Tiyi anazizira m'makapu.

"Apa alemba kuti galasi lothira m'chikombole n'lofanana ndi lopera. Pamene lalakwitsa, ubongo wa kamera uzikonza wokha chithunzi."

"Alemba choncho."

"Ndiye kamera iziona zokhota, n'kumanamiza mwini wake kuti yaona zowongoka."

A Ushiyama anabwerera ku tsamba loyamba n'kuika chala pa kabokosi koyamba.

"Kodaira. Ganizoli ndi lanu?"

"Dzinalo ndi langa."

"Sindinafunse za dzina."

Sanadikire yankho. Anatulutsa chidindo m'thumba la malaya, n'kuchigunditsa pa inki katatu. Kenaka, ndi zala zija zimene zinkamva pamene galasi lakwera mocheperapo kuposa tsitsi, anachitembenuza pang'onopang'ono mpaka mutu wa dzina unaloza pansi. Anadinda. Anapanikiza ndithu, ngati akufuna chituluke kuseri.

Mayi Yajima anagwira pakamwa. Wina anazimitsa makina amodzi popanda womuuza.

"Pitani nalo kumtunda," anatero a Ushiyama. "Ndipo mutenge apozi. Akuuzani kale."

Pofika m'mawa mwake, fakitale yonse inali itamva, mpaka alonda a pachipata. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika: munthu sangabweze pepala la kampani lopanda chidindo, umenewo ndi mwano. Koma akazondotsa dzina lake, ndiye kuti wanena kuti, ndaona, njira sindikutseka, koma mtima wanga wakana, bwerani mudzandimve. Zinachitikapo kamodzi kokha, zaka makumi atatu zapitazo, pamene bambo a eni kampani a tsopanowa ankafuna kusamutsira ntchito yopera kunja. Akale ankasimba kuti bwana wamkuluyo ataona chidindo chozondoka cha mkulu wa nthawi imeneyo, anatsika yekha masitepe achitsulo aja, nakhala pa bokosi, namwa tiyi, namvetsera maola awiri. Pokwera, pepala anali atalipinda kanayi m'thumba, ndipo silinaonekenso.

Ndiye anthu anasangalala. M'kantini ankanong'onezana uku akuseka ndi maso. Mkulu wa zamalonda, yemwe uja wokoka mpweya m'mano, anaimitsa Mizuho pakhonde.

"Mwaona, a Kodaira? Akamwini aziona. Kuno si kosewera. Tawakanira!"

"Takana ndife angati, bwana?"

"Aaa, inunso. Mtima ndi umodzi."

Onse amene anadinda moweramira kumanzere ankayenda ngati nawonso azondotsa. Mizuho zinkamunyansa, komabe naye, osafuna, ankatchera khutu ku masitepe.

A Miyasaka atalandira pepalalo analiyang'ana, naliyang'ananso, kenaka n'kulitseka m'chikwama cha mapepala.

"Ine sindinaone kanthu. Lipite kwa akuluakulu mmene lilili."

Kumunsi mayi Yajima anatsitsa kabokosi kamatabwa kamene kankakhala pamwamba pa kabati. Munali kapu yadothi yobiriwira, ija anamwera bambo a eni kampani tsiku lija. Anaitsuka n'kuiika pa bokosi la tiyi, payokha, pa kansalu. Lolemba inadikira. Lachiwiri anaitsukanso, poti fumbi la m'chipinda chopera silichedwa. Lachitatu masitepe analira nthawi ya tiyi, anthu onse n'kuimirira, a Ushiyama n'kumanga batani la pakhosi. Anali munthu wodzaona zozimitsira moto.

Lachisanu Mizuho anaitanidwa ku chipinda cha eni kampani. Munali a Kazahaya, a Miyasaka, ndi a Segawa amene anali atavula jekete ngati ali kwawo.

"A Kodaira! Mwini ganizo!" A Segawa anaimirira n'kuwerama pang'ono, mokwanira munthu wamng'ono. "Ndati ndikuthokozeni pamaso. Zidindo khumi ndi chimodzi, palibe chosowa. M'makampani ena timakangana miyezi, anthu kumenya matebulo. Kuno ayi, kuno ndi banja."

Anatembenuza kompyuta yawo kuti aone. Tsamba loyamba linali pamenepo, timabokosi tonse todzaza. Kachisanu ndi chitatu kanali ndi dzina la Ushiyama, mutu m'mwamba, lopendekera pang'ono kumanzere.

Mizuho analoza kabokosiko.

"Chimenecho chinali chozondoka."

"Ee, tinachiwongola pa kope lopita kwa anzathu a kutsidya, angatiyese osasamala. Maso a ukalamba, mukudziwa. Wopera magalasi wosaona dzina lake lomwe!" Anaseka okha. "Mwina nthawi yakwanadi."

"Maso awo ali bwino kuposa a tonse muno. Anazondotsa dala. Tanthauzo lake..."

"Ndikulidziwa, a Kodaira. Ndinabadwira m'dziko lomwe lino, agogo anga ankasimba zoterezi." Kumwetulira sikunachoke. "Koma tandithandizani. M'kabokosimo muli chidindo, kapena mulibe?"

"Chilimo."

"Pali pamene alemba kuti ndakana? Kalata? Mawu pamsonkhano?"

"Anafunsa funso pamsonkhano."

"Funso. Chabwino. Ndiye tili ndi funso limodzi ndi zidindo khumi ndi chimodzi. Ine anthu amene anandituma amawerenga zidindo, sayang'ana kumene zaloza."

Mizuho anatembenukira kwa eni kampani. Amenewa sakanati sakudziwa. Anakulira m'fakitale muno, nkhani ya kapu ija anaimva ali pamiyendo pa bambo awo. Chidindo chawo chinali m'kabokosi komaliza, chachikulu kuposa zonse, ndipo podinda anaona ndithu chimene chinali timabokosi titatu kuchokera pa chala chawo. Tsopano ankayang'ana chipale chofewa pamwamba pa mapiri, ngati chagwa koyamba chaka chimenecho.

"Bwana, kumunsi akudikira. Kapu ya bambo anu aitsuka kasanu."

"A Kodaira!" a Miyasaka anatero ndi mawu otulukira m'mano.

A Kazahaya anasuntha cholembera kuchoka kumanja kwa tebulo kupita kumanzere.

"A Ushiyama atumikira kampani ino mokhulupirika zaka makumi anayi ndi chimodzi," anatero, ndi mawu a munthu wolankhula pamanda. "Ndidzapeza nthawi."

"Masitepe ake alipo makumi awiri ndi awiri okha," anatero Mizuho.

Palibe anamva, kapena onse anagwirizana kusamva. A Segawa anali atatsegula kale tsamba lina.

"Ndipotu nkhalambayo sitikuitaya. Tisanapumitse chipindacho tibweretsa ojambula. Manja okhaokha, pafupi, ali pagalasi, madzi ofiirira aja akuyenderera. Ogula amakonda manja a nkhalamba, amaona ngati kamera ili ndi mzimu. Tidzajambula ndi foni yatsopano ya anzathuwo, tiphe mbalame ziwiri. Inu mudzayang'anira zimenezo muli ku Tokyo. A Miyasaka akuuzani, eti? Alengeza Lolemba."

Mizuho anawerama, poti thupi limawerama lokha likazolowera, n'kutuluka. Pakhonde anapeza kuti wafinya cholembera mpaka chathyoka pakati.

Anatsika masitepe nthawi ya tiyi isanakwane. Phokoso la nsapato zake linaimiritsa anthu, kenaka ataona kuti ndi iye anakhalanso pansi mmodzimmodzi. Kapu yobiriwira inali pamalo pake.

"Sabwera," anatero.

"Lero?" anafunsa mayi Yajima.

"Sabwera, mayi. Pepala ladutsa. Chidindo cha a Ushiyama achiwongola pa kompyuta, chikuweramira akuluakulu ngati zinzake. Akuti tonse tavomera, ndife banja."

Mayi Yajima anamenya bokosi ndi chikhatho mpaka makapu anadumpha.

"Achiwongola? Dzina la munthu? Kamwana kaja ka a Kazahaya ndinakapukutapo mamina ine, kakuthamangathamanga muno ndi kabudula wong'ambika, bambo ake ali pamsonkhano! Lero miyendo yauma? Akamwini ndi akamwini, sitinawabereke. Koma uyu!"

"Mayi Yajima," anatero a Ushiyama, osatembenuka pa makina. "Galasi limamva phokoso."

"Limve! Lidzasimbire anzake a m'chikombole!"

A Ushiyama anachotsa galasi pa phula, nalitsuka, naliika pansi pa loyesera. Mtundu umodzi. Kufatsa kumeneko ndiko kunamutsiriza Mizuho. Mkwiyo umene anaumeza kumtunda unatulukira pa munthu wolakwika, ndipo ankadziwa, koma sanathe kuubweza.

"Bwanji simunangokana kudinda? Mukanalibweza lopanda kanthu! Mukanalemba kalata, mukanaima pamsonkhano n'kunena kuti ayi! Mwazondotsa, fakitale yonse yavina sabata yathunthu, iwo akuwerenga khumi ndi chimodzi. Mwawapatsa chimene ankafuna, n'kuwonjezapo ulemu!"

Palibe anayamba walankhulapo choncho kwa a Ushiyama. Nkhalambayo inapukuta manja pa epuloni.

"Kubweza pepala la kampani? Ine?" Anafunsa ngati wawauza kuti ayende opanda buluku. "Ndinalankhula m'njira imene ndinaphunzitsidwa. Bambo awo anamva."

"Bambo awo anamwalira."

"Ee. Ndinanyamula nawo maluwa." Anatembenukira kwa Mizuho. "Mwina mukunena zoona, a Kodaira. Ndagogoda pakhomo pamene anthu anasamuka. Koma poti mwafunsa za chidindo changa, nane ndifunse. Chanu chija, m'kabokosi koyamba, chinaloza kuti?"



"Chinawerama bwino," anatero a Ushiyama. "Ndinachiona. Sizoipa."

Mayi Yajima anatenga kapu yobiriwira, naikulunga m'kansalu kake, koma m'malo moibwezera m'kabokosi anaivundukulanso, nathiramo tiyi mpaka pakamwa, naikankhira kwa Mizuho.

"Imwa iwe. Ndatopa n'kutsukira mizimu. Ndipo usalire muno, mchere umawononga phula."

"Sindikulira."

"Ndiye imwa."

Anamwa. Tiyi anali wowawa, wotentha. Pa shelefu ya kumbuyo panali magalasi oyesera mazanamazana, lililonse m'kathumba kake, ena olembedwa ndi manja a anthu amene anafa iye asanabadwe. M'pepala lake, pa tsamba lachisanu ndi chinayi, anawatchula kuti katundu wosafunikanso.

"Amenewa adzapita kuti?" anafunsa.

"Munalemba ndinu," anatero a Ushiyama. "Werengani."

Lolemba m'mawa anachita masewera olimbitsa thupi monga mwa nthawi zonse, mikono m'mwamba, mikono m'mbali, osakhudza munthu. A Segawa analipo, jekete ili pathupi. Eni kampani analankhula za mgwirizano, kuti tsopano makamera sadzapangidwanso ndi kampani imodzi payokha, kuti amene ali ndi dzina aziphatikana ndi amene ali ndi ubongo ndi amene ali ndi ndalama, ndipo wokana adzatsala. Anathokoza onse chifukwa cha mtima umodzi. Kumbuyo kwa holo sanayang'aneko.

Kenaka a Miyasaka anayandikira chokuzira mawu.

"Ndili ndi nkhani yabwino. Mmodzi wa ife, amene ganizo lake latsegula njira imeneyi, wasankhidwa kukatiimira ku ofesi ya mgwirizano ku Tokyo kuyambira mwezi wamawa. A Kodaira, tabwerani munenepo mawu awiri."

Anthu anaomba m'manja, kuomba kwa pa msonkhano wa m'mawa, kofanana ngati mvula ya padenga. Mizuho anayenda kupita kutsogolo. Anawerama kwa eni kampani, anawerama kwa mlendo, anawerama kwa anthu. Kuchokera pamenepo ankaona holo yonse: mkulu wa zamalonda akuombabe mwamphamvu kuposa onse, mayi Yajima manja ali m'khwapa, a Ushiyama chipewa chili m'manja.

M'thumba la jekete anatulutsa pepala la tsamba limodzi n'kulipereka kwa a Miyasaka ndi manja awiri. M'kabokosi koyamba munali chidindo chofiira, choima njo.

"Zikomo chifukwa cha ulemu umenewu," anatero. "Ku Tokyo sindipita. Ndikutsikira kumunsi, kopera magalasi. Pepala lake ndi limenelo, ndipo ganizo lake ndi langa."

A Miyasaka anaiwala kuti chokuzira mawu chili pakamwa pawo, moti kunong'ona kwawo kunamveka mpaka kuchitseko.

"Mwapenga? Chipindacho chikutsekedwa mu Malichi!"

"Ndikudziwa, bwana, ndinalemba ndine," anatero Mizuho. "Ndiyamba lero, ikakwana naini."